Kafani Pakhosi pa Kamba

Lolemba, 3 Malichi

Sabata yachisanu ndi chiwiri osatuluka pageti. Zenera lomweli, mpanda womwewu. Mwana wanga anamanga nyumba pamwamba penipeni pa chitunda, akuti kuli mphepo yabwino. Mphepoyo ndiye ndakhuta nayo.

Maondo ngati zitseko zadzimbiri. Matakisi amakana kukwera kuno, akuti msewu umadya matayala. Njinga yamoto mwendo sulola. Chatsala ndi Kamba, galimoto yathu yokalambayi. Kutsika amatsika ngati mnyamata. Kukwera ndiye nkhani. Ulendo watha uja anafera pampopi, pakati pa chitunda, n'kuyamba kubwerera chambuyo ine ndili m'kati. Anandinyamula amuna anayi ngati kabati, msewu wonse ukuonerera. Chiyambire tsiku limenelo mwana wanga akuti sindikweramonso mpaka Kamba atapeza mphamvu.

Foni masana. Achemwali awatulutsa m'chipatala, osati poti achira ayi. Madokotala akweza manja.

Lachitatu, 5 Malichi

Kwabwera kabokosi. Injiniya wanga, mwana wanga uja, wodinda mapepala muofesi amene sanagwirepo sipanala chibadwire, wakalowetsa m'nyumba ngati khanda. Akuti supachaja yamagetsi. Anaiona pafoni.

Ndavala magalasi. Kafani kapulasitiki, mawaya awiri, kabatani kofiira. Basi. "Amayi, aka kamakankhira mpweya mu injini, mphamvu n'kuwirikiza." Ndati kakufanana ndi kamene mpongozi wanga amaumitsira tsitsi. Sanaseke. Mpongoziyo ndiye anakasekera kukhitchini, ndamumva.

Mtengo wake sanatchule. Mwamuna akabisa mtengo ndiye kuti ndi wochititsa manyazi.

Loweruka, 8 Malichi

Tsiku lonse boneti ili kukamwa yasaa. Zenera langa lasanduka kanema. Wadula paipi ya mpweya ndi mpeni wanga wa buledi! Foni waiimika pabatire, munthu wa m'fonimo akulongolola, iye akugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu.

Kuyesa chakumadzulo. Kafani kulira fwiii, udzudzu weniweni. Watsika yekha, wakwera yekha, mano onse pamtunda. "Mwamva kusinthako, amayi?" Ndamva phokoso. Ndati ikamo matumba awiri a simenti, amenewo ndiye ineyo. Waika. Kamba sanafike n'pampopi pomwe, pamene ankafera kale. Simenti yabwera pawilibala.

Ndangomuyang'ana. Zinazi pakamwa kumangopumitsa.

Lamlungu, 9 Malichi

Mwana wa Achemwali waimba. Sakudya. Madzi a pasupuni basi. Akuti andifunsa kawiri. Wawaikira foni pakhutu, ine kukuwa, iwo mpweya wokhawokha. Kenaka kamawu kakutali: "Iwe wamakani, ubwera liti?"

Anandiberekera kumbuyo amenewo, mayi athu atamwalira. Anasiya sukulu kuti ine ndipite, ine n'kukalekezera kalasi yachitatu chifukwa cha pakamwa pangapa. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi.

Injiniya akuti ndidikire pang'ono, vuto ndi waya woonda, waitanitsa wonenepa. Ufika Lachisanu. Lachisanu! Ngati imfa imadikira waya.

Ndalirira kubafa, mpopi uli wotsegula.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mpongozi waitana amakaniko mwamuna wake ali kuntchito. Mwana wa eniake koma mutu ulipo. Bambo aimvi, akwera chitunda wapansi, malaya ali chonyowa. Kusuzumira kamodzi kokha, kuseka mpaka kutsamira mpanda. Ndawaitanira pazenera kuti andiuze m'mawu a anthu, osati a m'foni.

Akuti injini ikamakwera mtunda imameza mpweya wochuluka kuposa umene kafaniko kangapereke, ndiye m'malo mothandiza kangokhala pakhosi ngati fupa. "Agogo, zili ngati munthu akuthamanga, inu mwamutsina mphuno, kwinaku mukumukupiza ndi chipewa." Zenizeni zamagetsi ziliko akuti, koma zimafuna mota yamphamvu ndi mabatire akeake, ndipo mtengo wake mungagule a Kamba atatu. Izi za m'kabokosi ndi zokometsera m'makutu.

Achotsa kafani, aika paipi ina. Ndafunsa, akwera tsopano? Akuti monga kale, anthu awiri opepuka. Injini yatopa, ndi yofunika kuimasula yonse, mwezi wathunthu. Ndafunsanso, nanga kutsika? "Kutsika ndiye ngakhale muikemo njovu. Mabuleki ali bwinobwino, ndawaona."

Masabata asanu ndi atatu nyumba yonse kuswa mutu ndi zobwerera. Anati ndani kuti ndikubwerera?

Lachitatu, 12 Malichi, m'mawa

Injiniya wapeza kafani kake patebulo dzulo, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa. Lero ndamuuza asanamange tayi. "Amayi, mukatsika ndidzakukwezani bwanji?" Ndati iwe unandikweza kuno ngati katundu, sunandifunse. Kwa Achemwali n'kwachidikha, chitseko chayang'ana msewu, anthu amadutsa n'kupereka moni. Bedi lilipo. Kamba akadzachira udzanditenge, ngati ndidzafune.

Maso ake psuu. Wafuna kunena za waya wa Lachisanu, wameza. Ndi mwana wabwino, kungoti amakhulupirira foni kuposa amake. Wandigwira phewa, wapita. Makiyi wawasiya pafupi ndi kapu ya mkazi wake.

M'chikwama: madiresi atatu, mapiritsi a maondo, mafuta odzola aja Achemwali amakonda fungo lake. Kafani ndakatenganso. Kumeneko kumatentha, akakalumikiza kubatire mwina kakagwira ntchito yake yoyamba. Ndikawauza nkhani ya simenti, aseke ndithu, ngakhale ndi maso okha.

Foni yalira kawiri. Ndi mwana wa Achemwali. Sindiyankha. Kaya ndi uthenga wanji, ukandipeze m'njira, osati pazenera ili.

Mpongozi waliza injini. Akuimba huta ngati ndine mtsikana wothamanga. Kwatsala masitepe asanu a pakhonde tsopano. Ndodo yanga ili kuti?