Kabatani Sakuwaona Mabowo

Okondedwa Bambo a Kabatani,

Choyamba ndimve za moyo wanu. Msana uja unasiya kuwawa, kapena mukungolimba nawo pa makina osokerawo tsiku lonse monga mwa chizolowezi chanu? Nanga chifuwa chimene ndinachimva pa foni sabata yatha? Kuno amayi anu ali bwino, kupatula mawondo amene akuti amawauza za mvula kuposa wailesi. Ine thupi lili bwino.

Mudabwa kulandira kalata pamene timalankhulana Lamulungu lililonse. Masabata atatu tsopano ndakhala ndikukuyankhani kuti mwana ali bwino. Ndimakunamizani. Mukangoti ndikupatseni Kabatani wanu, ndimasintha nkhani. Ndiye ndati bola pepala, silindidula mawu pakati pa nkhani.

Mukukumbukira kuti teremu ino, kusukulu ya mkaka kumene ndimaphunzitsa, tinayamba kukonzekeretsa ana kusoka. Singano sitiwapatsa, ndi aang'ono. Timadula makatoni, ena ngati nsomba, ena ngati nyumba, n'kuboola mabowo m'mphepete ndi msomali. Mwana amatenga chingwe cha nsapato, kulowetsa bowo ili, kutulutsira linalo, mpaka atazungulira. Inu munaseka nditakuuzani. Munati mwana wa telala saphunzirira pa katoni, ameneyo anabadwa ulusi uli m'manja. Nanenso ndinkaganiza choncho, moti ndinamukhazika kutsogolo pa mkeka kuti anzake aonere kwa iye.

Pofika sabata yachiwiri ana onse anali atamaliza, ngakhale kamtsikana kamene kamangolira tsiku ndi tsiku. Wathu yekha ayi. Ankabaya chingwe pambali pa bowo, kubaya, kubaya, mpaka nsonga yake kunyenyeka. Kenako ankayandikiza katoni pamphuno, kupendeketsa mutu, n'kumafufuza bowo ndi chala. Akalipeza, ankadumpha awiri otsatira.

Ndinkati ndi matama a mwana wa aphunzitsi. Tsiku lina ndinamulanda katoni pamaso pa anzake, n'kumumenya ndi rula pa dzanja. Ndinamuuza kuti akundichititsa manyazi, ndipo bambo ake akamva adzati si wawo. Sanalire. Anangoti, "Amayi, yangayi mwaiwala kuboola." Anzake anaseka, pakuti mabowo analipo khumi ndi awiri, oboola ine ndemwe.

Tsono chimene chikundidya ndi ichi. Chaka chatha, mwezi womwe munanyamuka, aphunzitsi aakulu anandiitanira mu ofesi. Anati akuona kuti mwanayu amathawa dzuwa, nthawi yopuma amabisala kuseri kwa chitseko, ndipo maso ake amangochucha misozi asakulira. Anati ndipite naye akamuone a maso. Ine ndinapsa mtima. Ndinawayankha kuti maso a mwana wanga ndi amene msewu wonse umawatamanda, ndipo ngati akufuna kundichotsa ntchito anene poyera, asadzere kwa mwana.

Inu sindinakuuzeni. Ndinkati mungasiye ntchito imene munaisakasaka zaka ziwiri. Koma ndisanamenso, ndinkaopa kumva yankho.

Tsiku la rula lija, titafika kunyumba, ndinamuyesa. Ndinaima pakhomo la kukhitchini nditanyamula supuni, iye atakhala pa mpando wanu uja, mapazi anayi okha kuchoka pamene ndinali. Ndinamufunsa chimene ndagwira. Anati chipeso. Kenako anati sizasi, n'kuseka, kuyesa tikusewera. Ndinapita kukamutseka diso lakumanzere ndi chikhatho, ndipo anayamba kukuwa kuti ndamuzimitsira.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala, n'kukhala pa benchi mpaka masana. Adokotala a maso, mayi wa imvi wolankhula motsitsa, anamuunika ndi katochi nthawi yaitali. Anati madzi a m'diso sakutuluka bwino, achuluka, ndipo akhala akufinya mtsempha kuyambira ali khanda. Akuti ndi chimene chinakulitsa maso. Bambo a mwana, maso aja munawatcha mabatani a jekete mpaka dzina n'kukhala, anali matenda akutiyang'ana, ife tikuombera m'manja.

Diso lakumanja akuti linapita, silibwereranso. Lakumanzere latsala pang'ono, ngati munthu wosuzumira pa bowo la kiyi. Anandifunsa ngati panalibe amene anaonapo kanthu m'mbuyomu. Ndinati ayi. Anandiyang'ana, n'kulemba papepala, kenako anangoti tikanabwera chaka chatha zambiri zikanapulumuka.

Opaleshoni aiika Lachiwiri la sabata yachitatu ya mwezi wamawa. Sanalonjeze kanthu. Akuti mwina aimitsa pamene zafikapa, mwinanso chotsalacho chipita.

Kuntchito ndikupitabe, koma ndimangoti kakasi ngati chitsa. Ndikamagawa makatoni, mwana aliyense akaphonya bowo mtima umadumpha. Aphunzitsi aakulu sanandikumbutse mawu awo. Anangondigwira paphewa n'kunditengera kalasi masiku awiri. Bola akananditukwana. Amayi anu akuti n'chifuniro cha Mulungu, ndipo amandisisita msana kuti ndisadziimbe mlandu. Iwo za mu ofesi muja sakuzidziwa. Pa banja lonse mwadziwa ndinu nokha.

Kabatani nsomba yake ya katoni sanaitaye, amayenda nayo paliponse. Dzulo anakhala pakhonde atayang'ana kukhoma kuthawa kuwala, n'kuimaliza ndi zala zokha, mabowo onse. Anati ndiiike mu envelopu, adadi aone kuti tsopano akhoza kumupatsa singano yeniyeni monga analonjezera. Ndiyo mwaipeza m'katimuyi. Ndinamuuza kuti wachita bwino, n'kuthawira kubafa, kutsegula mpopi kuti asandimve.

Iye sakudziwa kanthu. Amayesa aliyense amaona monga aonera iye. Mankhwala odontheza m'maso ndimamuuza kuti ndi ochotsa fumbi. Ndayesapo kawiri kumufotokozera za opaleshoni, koma ndalephera. Mwana wa zaka zinayi umamuuza chiyani?

Sindikupempha kuti mundikhululukire, pakuti ineyo ndalephera kudzikhululukira. Mukafuna kundibweza kwathu mudzatero, sindidzatsutsa. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Kagwadireni abwana anu akupatseni tchuthi, ngakhale cha masiku atatu, mufike tsiku la opaleshoni lisanakwane.

Chithunzi chanu cha pakhoma sachionanso. Ndikamunyamula kuti achiyang'ane, amangopapasa galasi n'kundifunsa ngati muli ndi ndevu. Munachoka ali ndi zaka zitatu, ndipo nkhope yanu ikumuthawa.

Pobwera musavutike ndi zidole kapena madiresi. Mudzangofika kukadali kowala, n'kugwada pafupi kwambiri ndi iye, chakumanzere.

Mundiperekere moni kwa achimwene anu ndi akazi awo, muwathokoze pokusungani. Anzanu a pa makina nawonso muwalonjere. Mulungu akuyang'anireni, ndipo akutsogolereni pa msewu ngati mubwere.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a Kabatani