Uthenga wa Achimwene Uli Pamzere

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chifuwa cha mayi aang'ono sichikutha, ndipo nyumba yazizira chiikireni maliro a achimwene. Foni yako sikupezeka, n'chifukwa chake ndagwira cholembera ngati munthu wakale.

Ntchito yanga umaidziwa, ija unkandiseka nayo kuti ndimalondera kabati yolira. Makina a m'kachipinda kozizira kaja ndi amene amatumiza maimelo a kampani yonse. Uthenga ukakanika kupita umaima pamzere, makina n'kumayesanso.

Titangochoka kumaliro ndinapeza mzere utatupa. Akuba analowa mu akaunti ya kalaliki wina n'kumamwaza mauthenga abodza. Bwana anati ndisankhe zinyalalazo ndifufute, zabwino ndizisiye zipite. Ndinakhala pansi n'kumachotsa, maso ali pa dzina la wotumiza. Ndikutsika choncho, ndinangoona dzina la achimwene. Mayo ine! Ndinasiya kufufuta.

Uthengawo anaulemba ali kuntchito kwawo kuja, kustolo ya kampani yathu yomweyi, m'mawa wa tsiku limene anagwa. Wolandira ndiwe. Sunafike chifukwa bokosi lako la imelo ndi lodzaza. Ndinauimitsa kuti makina asautaye, ndipo m'mawa uliwonse ndimaumasula. Umapita, umagogoda kwa iwe, umabwerera. Zimandiwawa, mlongo wanga, mpaka tiyi sandilowa.

Sindinautsegule, si wanga. Kuukopera sindingathe, makina amalemba aliyense wogwira uthenga wa eni, ntchito ingandithere pompo. Choncho sindikunamiza kuti akupepesa. Mwina akukalipanso, pakamwa pawo umapadziwa. Chimene chimaoneka pamzere ndi mutu wokha, ndipo pamutupo analemba kuti "Mlongo wanga".

Sindinaiwale zimene anakunena tsiku lija mumakangana za nyumba ya malemu bambo, pamene anati alibe mlongo ndipo usadzapondenso pakhomo. Unalumbira kuti sudzamvanso mawu awo, ndipo pamaliro sunabwere. Anthu analankhula, ine ndinakuikira kumbuyo. Koma munthu wouma mutu uja, amene ankalemba ndi chala chimodzi akutukwana kompyuta, anakhala pansi n'kukutchula mlongo.

Vuto ndi ili. Lachisanu likubwerali akubweretsa makina atsopano, akalewa akuzimitsa. Bwana anati mzere ukhale wopanda kanthu, ndipo mauthenga a anthu amene anasiya ntchito kapena kumwalira ndiwachotse. Ndinamupempha, anandimvera chisoni, koma anati tsiku silisuntha. Ena onse ndachotsa kale. Pamzere wonse watsala umodzi wokhawu.

Chonde, tsegula bokosi lako. Fufuta zithunzi zakale ndi zotsatsa malonda, pangopezeka kampata. Ngati unaiwala mawu olowera, mwana wako wamkulu akuthandiza. Uthengawo ukafika, kuwerenga kapena kutaya zili kwa iwe, sindidzakufunsa. Koma usandisiyire ine. Bokosi la maliro a achimwene ndinanyamula nawo, dothi ndinathira. Usandiuze kuti ndiwaikenso kachiwiri ndi chala changa.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mayi aang'ono akuti ukumbukire kuti magazi sasamba. Mulungu akusunge ndipo akufewetse mtima.

Lachisanu m'mawa ndidzaumasula komaliza.

Ndine mlongo wako,
wolondera kabati uja