Nati Yosachita Dzimbiri

Nangongwe, Kafue
14 Julaye 2024

Okondedwa amake Owen,

Mwandiimbira foni kasanu ndi kawiri sabata ino, ndipo sindinayankhe dala. Zimene ndikufuna kunena ziyenera kukhala papepala, kuti mawa musadzati mkulu wanu wakalamba, sanamveke bwino.

Munapempha kuti galimoto ija, Pijo ya malemu amuna anga, a Harrison, idzanyamule Owen ndi mkwatibwi wake pa 31 Ogasiti. Ndinavomera mokondwa. Injini anaidzutsa a Chileshe, makanika wopuma pantchito wa kuseri kwathu kuno, koma dashibodi ndinati ndikonza ndekha, poti dzuwa linaing'amba malo asanu ndi anayi. Ndinamasula masikuruwu 23, ndi kuwaika m'thileyi ya mazira, iliyonse ndi kapepala kake. Chitsulo ndachipala ndi sandipepa masiku anayi, penti ndapaka kawiri.

Mukudziwa kuti kwa zaka 27, Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, ndinkalemba m'kabuku nambala ya makilomita. Munkandiseka nazo. Loweruka a Harrison ankati ali kumtsinje ndi anzawo a kufakitale, ndipo nambala inkavomereza: makilomita asanu ndi limodzi, osapitirira. Mafuta okha ndiwo ankatha modabwitsa, ine n'kumanamizira injini.

Kuseri kwa dashibodi zonse ndinazipeza zofiira ndi dzimbiri, kupatula nati imodzi, ya chingwe chimene chimayendetsa nambala ija. Yosalala, yowala ngati supuni. Ndinaitana a Chileshe kuti aione. Anaipotokola ndi zala ziwiri, n'kuseka.

"Ba mayo, iyi yenze kumasulidwa na manja, sabata na sabata. Ukachosa ka chingwe aka, motoka iyenda koma nambala igona. Mudala wanu enze kubisa chani?"

"Mwina ankapukuta fumbi," ndinatero.

"Fumbi ya kuti, ba mayo? Ya ku Mazabuka?"

Iwo ankangocheza, sakudziwa n'komwe kuti kumeneko kuli inu, mbale wanga. Anasiya kuseka ataona nkhope yanga, chifukwa m'thumba la epuloni ndinali kale ndi chinthu china chimene chinagwera kumbuyo kwa kabokosi ka kutsogolo: khadi ya kusikelo ya mwana, ya ku Mazabuka, 1993. Dzina la mwana, Owen. Mayi, Christine. Pa mzere wa bambo palibe Benson, dalaivala wa malole a nzimbe uja unati anakuthawa uli ndi pakati. Pali dzina la mwamuna wanga, ndipo zilembozo ndi zako. Ndinakuphunzitsa ndine kulemba H yokhala ndi mchira.

Iwe Christine! Ine ndinkapita kuzipatala zinayi kufuna mwana, iwe n'kumandiperekeza, utanyamula chikwama changa. Pamaliro a Harrison unalira kuposa ine, anthu n'kumati taonani chikondi cha pachibale. Masiku a Loweruka a m'zaka 27 zija ndawerengera, akukwana 1,404. Sindikudziwa angati anali ako, ndipo ichi ndicho chikundiwawa koposa: kabuku kanga konse ndi kabodza.

Ndivomere chimodzi. Khadiyo ndinaiyandikiza pambaula kawiri, ndipo kawiri konse ndinabweza dzanja. Mwanayo ndimamukonda, alibe mlandu. Koma sadzalowa m'galimoto iyi akuyesa kuti ndi ya amuna a amayi ake aakulu chabe. Akubwera kudzaitenga Loweruka pa 24 Ogasiti. Uli ndi masiku 41 oti umuuze ndi pakamwa pako. Akadzafika asanamve zimenezi, ndidzamupatsa makiyi ndi khadi pamodzi, ndipo ukwati udzauonera kumpando wakumbuyo, ngati adzakulole n'komwe. Usanditumizire abusa, usabwere ndi nkhuku. Geti ndidzatseka.

Dashibodi ndibwezera mawa. Nati ija ndaimanga ndi sipanala.

Upereke moni kwa mkwatibwi, umuuze kuti chitenge chake ndasoka. Moni kwa Owen, mwana wa nyumba ino, amene ndinamulandira ngati mlendo zaka 31, kumuyalira mphasa pabalaza chipinda cha bambo ake chilipo. Iwe moni ndilibe.

Ndine mkazi mnzako,
Mwandida