Bokosi la Manase Lisatsegulidwe

Kuno ku Joni,
16 Novembala

Okondedwa alamu a Phoebe,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Kodi muli bwanji ku Uliwa? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga mwana wanga Tusekile akupita bwino kusukulu? Ine ndili moyo ndipo ntchito ndikugwira, koma masiku ano chakudya sichikulowa.

Pa foni ndinangokupemphani kuti Lachinayi mupume kuchipatala, mudikire pamsewu galimoto yokoka ngolo. Chifukwa chake sindikanatha kuchitchula anthu akumva. Amene wakupatsani kalatayi ndi dalaivala wa galimotoyo. M'ngolomo muli thupi la Manase wa ku Kaporo, amene tinkakhala nyumba imodzi kuno. Muwerenge msanga, chifukwa ndikufuna mukwere nawo.

Mukudziwa kuti ndimasesa pabwalo la ndege. Si bwalo lalikulu lija la mumzinda ayi. Lathuli mbali ina ndi ya asilikali, mbali ina kuli fakitale yopanga mapiko ndi zitsulo za ndege. Ya anthu wamba ndi kandege kamodzi, kamene kamanyamuka Lachiwiri ndi Lachisanu. Manase anakolopa m'fakitalemo zaka zisanu ndi chimodzi. Anagwa ali pantchito, ndipo anamwalira asanafike naye kuchipatala.

Mabwana analankhula bwino pamaso pa anthu. Anati thupi likwera kandege kaja Lachisanu kupita kubwalo lalikulu, kuchoka apo ku Lilongwe. Nditaona bokosi likulowa pageti, ndinaimbira abale ake kuti wanyamuka. Apa ndi pamene ndinalakwa. Ku Kaporo anthu anasonkhana, manda anakumba. Kunagwa mvula, dzenje linadzaza madzi, anthu anadikira masiku awiri n'kubalalika.

Bokosi silinakwere. Asilikali anatseka msewu wa ndege masiku anayi, ati akuyeserera zankhondo. Lachiwiri kandege kanadzaza ndi zitsulo za fakitale zimene zinkafunika msanga kwina. Kapitawo wa m'shedi ya katundu anandiuza kuti zitsulo zili ndi tsiku lake, pomwe mnzangayo sakuthamangira kulikonse. Ankalankhula akutafuna chingamu.

Manase anamuika pakona, pakati pa matayala akale ndi migolo ya oyilo, n'kumata pabokosi pepala la kulemera kwake monga achitira ndi katundu aliyense. Shediyo ndi ya malata okhaokha, ndipo kuno kukutentha ngati kwathu. Nthawi ya nkhomaliro ndinkapita kukakhala pambali pake, poti maliro sasiyidwa okha. Tsiku lina ndinapeza amuna atatu atayala tchipisi pamwamba pa bokosi, akudya. Ankadziwa zimene zili m'katimo. Mmodzi anasendera kuti ndikhale nawo, n'kundifunsa ngati ndikufuna mchere.

Mawa lake msilikali wa pageti anandibweza. Anati chitupa changa ndi chosesera panja, sichilola kulowa m'shedi, ndipo akandionanso andilanda. Ndinayamba kukhala kuseri kwa waya, n'kumangoyang'ana chitseko.

Kenaka posuntha matayala, makina onyamulira katundu anabaya bokosi ndi mano ake, n'kuboola mpaka lata la m'kati limene limatsekera mpweya. Oyendetsa makinawo sanauze munthu. Anangomata tepi. Pofika Lachisanu lachiwiri fungo linali litafika mpaka pageti, ndipo woyendetsa ndege anakana kunyamula. Kapitawo anatuma munthu kukapopera pabokosi mankhwala aja onunkhiritsa m'chimbudzi. Atatero panafunika wokolopa zimene zinadontha pansi, ndipo anaitana ine. Tsiku limenelo chitupa changa chinaloledwa.

Ndinakolopa, alamu. Ndinaona kuti kuli bwino akhale ine kusiyana ndi munthu wosamudziwa dzina. Koma manja anga ndasamba kangapo ndipo ndikumvabe fungo la maluwa la mankhwala aja.

Loweruka Amalawi a kuno tinasonkhana n'kukamutulutsa tokha. Anali atakhala m'shedimo masiku asanu ndi anayi. Osamala maliro anamuika m'bokosi lina n'kulitseka ndithu. Ine ndinalipo. Zimene ndinaona sindilemba. Inu ndinu namwino, mukudziwa.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Bokosili lisatsegulidwe. Mukudziwa mmene timachitira kwathu, kuti abale aone nkhope asanapite kumanda. Amayi ake, a Keziya, adikira mwana wawo nthawi yonseyi, ndipo amalume ake abwera ndi chitsulo chomasulira bokosi m'thumba. Dalaivala sangamumvere, ndi mlendo. Ine pafoni sangandimverenso, poti ndine uja ndinawakumbitsa manda opanda maliro. Koma inu mukavala yunifolomu yanu n'kuima pafupi ndi bokosi, adzamva. Mkulu wanga a Reginald akakhalapo, akuthandizani kulankhula nawo Chinkhonde. Kalatayi musawapatse, sasunga mawu. Za tchipisi ndi tepi zikhale za ife awiri. Mukanene kuti ulendo watalika ndipo kwatentha, basi.

Sindikupempha izi mopepuka. Pamene mkazi wanga, mng'ono wanu Hilda, anatisiya, ine ndinamuona nkhope, ndinakhala nayo nthawi yonse imene ndinafuna, wina osandithamangitsa. Zaka zitatu zimenezi ndikuyenda ndi nkhope imeneyo. Ndikudziwa chimene ndikuwamana amayi amenewa. Ngati akwiye, muwauze kuti walamula ndi Ambokile, dzina langa litukwanidwe ku Kaporo. Nditha kupirira. Chimene sindingapirire ndi chakuti mayi akhale moyo wake wonse ndi chimene ndinaona ine Loweruka.

Akalira kwambiri, muwauze ichi, ndipo ndi choona. Tsiku lotseka bokosi loyamba ndinapita kunyumba yachisoni. Ndinamuveka malaya oyera amene ankapita nawo kutchalitchi, ndinamupesa tsitsi, ndinamutseka batani la pakhosi. Nkhope inali yosalala, ngati wagona atatopa ndi ntchito. Imeneyo ndiyo nkhope ya mwana wawo, asunge imeneyo.

Mupereke moni kwa apongozi anga mukawaimbira ku Ntcheu, kwa amuna anu, ndi kwa achemwali anga ku Uraha mukaonana nawo. Tusekile mumuuze kuti bambo ake ali bwino. Kumaliroko musapite naye.

Ambuye akutsogolereni panjira.

Ndine mlamu wanu,
Ambokile