Zithunzi za Bambo Zilipo

Amai a Tadiwa,

Ndathamangira kukakwera kombi musanabwere kuchokera kumsika. Pepani mudiwa, wolakwa ndine, si magetsi ayi. Kompyuta imauma mukangotsegula foda chifukwa cha kapulogalamu kokopera nyimbo kamene ndinaikamo Lachisanu. Ndakachotsa.

Zithunzi za malemu bambo anu zilipo zonse, ngakhale chija ali panjinga kumgodi. Muiyatsenso kompyutayo, muzikopere pa fulashi yabuluu, mupite nazo kwa a Kaitano ku Unit D lero lomwe, asindikize mapepala a mwambo wa chiliza. Ikakupemphani kuti muikenso kapulogalamuko, mukane ngati mmene munkandikanira ine chaka chathunthu ndikukufunsirani.

Dzulo inu mumalira, ine ndikunamizira magetsi. Madzulo mundikalipire mpaka mtima utsike, ndidzakhala chete. Mabanzi ndibwera nawo.

Wanu yemwe uja,
Bambo a Tadiwa