Nsalu ya Mayi Nora

Lachitatu, 14 Juni 2006, Springfield

Lero sindikumva chilichonse, ngakhale njala.

Ndaononga nsalu ya Mayi Nora, mayi wokalamba wa ku Ireland amene ndimawasamalira. Ndinaipeza mu sutikesi itachita chikasu. Pofuna kuwasangalatsa, ndinaiviika mu jiki m'mawa wonse. Poitulutsa, inang'ambika pakati ngati pepala lonyowa.

M'pamene anandiuza mbiri yake. Ndi bafuta wopangira pakhomo. Bambo awo analima fulakesi, chomera chotulutsa ulusi, kumuviika m'dziwe mpaka kununkha, ndipo amayi awo anapota ulusi nyengo yonse yozizira. Poyeretsa ankangoyanika pa udzu, ngati kwathu ku Mangochi. Zimenezo ndimazidziwa bwino, koma ndinkayesa kuti azungu satero.

"Amayi anga atamwalira tinawagoneka pamenepa," anatero. "Inenso ndimati adzandigoneke pomwepo, Asiyatu."

Ndiye kuti ndang'amba sanda ya munthu ali moyo.

Sanandikalipire. Anangopempha singano, ulusi ndinalowetsa ndine.

Mwana wawo, amene anandilemba ntchito, abwera Loweruka. Mayi Nora akuti ndisamuuze kanthu. Ndikanena, ntchito yatha. Ndikakhala chete, akadzaifuna tsiku la maliro…