Malata Athu Ali M'machipi

Lamulungu, 5 Okutobala

Ndabwerako ku Thekerani miyendo ili zii. Nyumba yathu yaima bwino, zipupa zatha, mafelemu alowa. Koma pamwamba pali pululu, thambo lokhalokha. Ino ya esiteti tiyenera kutulukamo kutha kwa Novembala, poti amuna anga a Josiah apuma pa ufitala wawo wokonza makina ku fakitale ya tiyi. Mvula nayo siyembekeza munthu.

Ndalama ya malata ilipo, eya, koma ili ku Joni, m'foni mwa mwana wathu Tabita. Anasunga yekha kuti atifolerere, kenako n'kugulira masheya a makampani a machipi. Ati tinthu tating'ono ngati chikhadabo, timene timayendetsa makompyuta a AI aja oyankha ngati munthu. Ine Salome, kufolera nyumba ndi chikhadabo! Abale inu.

Lolemba, 6 Okutobala

Hafu firii foni yalira monga mwa masiku onse. Ndiyo nthawi imene msika wa ku Amerika umatsegula. A J. analumpha ndowa ngati mnyamata.

Ndimangowayang'ana. Awa ndi aja anamudulira foni mwanayu atayamba ntchito yogwira ndi pa Sabata pomwe. Mkulu wa mpingo, manyazi anawagwira. Ati "mwana wogwira ntchito pa Sabata sindimudziwa." Zaka zinadutsa osamva mawu a mnzake, ine ndili pakati ngati mthenga.

Chinawalumikiza n'chiyani? Machipi! Tsiku lina Tabita ankandifotokozera za masheya akewo, foni ili pa sipika, iwo akunamizira kuwerenga lesoni ya ku tchalitchi. Mwadzidzidzi ndinangomva, "Mufunseni, nanga makina opangira machipiwo amapanga ndani?" Ati ku fakitale kukathyoka kachitsulo kamodzi, tiyi yense amafota kudikira mwini kachitsuloko. Tabita anati, "Ababa, funso limenelo ndi la nzeru." Anagula masheya a opanga makina, a opanga magalasi ake, mpaka a ophwetsa kutentha m'nyumba zosungiramo makompyutazo. N'kupangana kuti wina asagulitse popanda mnzake kuvomera.

Lero akuti zakwera. Akuseka awiriwiri. Ine ndikusenda chinangwa, mtima uli mbee, koma maso ali kumitambo.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Malata akweranso ku Luchenza. Wa m'shopu uja ati, "Amayi, mukazengereza mudzafolera ndi masamba a tiyi." Mwano wake.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndawauza pa chakudya kuti gulitsani. Yakwana ya malata, ya misomali, ya kalipentala yomwe. Tabita nayenso anatero dzana, ndinamva ndi makutu angawa. A J. ati tidikire pang'ono, ku Taiwani akumanga fakitale ina, ku Holandi maoda achuluka. Munthu woti ndi Lilongwe yomwe sanafikeko!

Ndinati, "Bambo a Tabita, Holandi adzatitchingira mvula?"

Anakanyamula wailesi yosawonongeka n'kuyamba kuikonza.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndalira lero, ndisabise.

M'mawa tinapita kukakolola nandolo kuseri kwa malayini a nyumba za esiteti. Ine ndinayambanso nyimbo yanga ija ya malata, mpaka ndinawanena kuti ndi adyera, akufuna kufa ali bwana. Anaika dengu pansi. Akuyang'ana kumunda wa tiyi, osati kwa ine.

"Salome, tikagulitsa, mwanayu adzandiimbira za chiyani?"

Mayo ine. Ndiye nkhani yake ndi imeneyi. Munthu wamkulu, imvi mbuu, akuopa kuti machipi akatha nayenso watha. Sadziwa polankhula naye pena. Sanamufunsepo ngakhale kuti amagona nyumba yotani.

Ndinafuna kunena kuti ingomupepesani basi. Koma ndimawadziwa anthu awiriwa, mutu umodzi, wouma ngati makaka. Ndinangowatola tizinyalala pa kolala. Ati chabwino, Lolemba agulitsa. Anatero ngati akulengeza maliro.

Lamulungu, 12 Okutobala

Lachisanu sindinalembe, dzulo linali Sabata. Ndilembe tsopano zisanandithawe.

Lachisanu ndinali nditamaliza zonse, kuphika, kusita, nsapato zapolishidwa. Dzuwa lili pamwamba pa mabulugama, lofiira, latsala pang'ono. Tinakhala pakhonde ndi mabuku a nyimbo kuti titsegule Sabata. Foni n'kulira. Tabita saimba nthawi imeneyo, amadziwa.

Koma anali iye. Ati kwatuluka nkhani ya mkangano wa mayiko pa za machipi, masheya onse akugwa ngati mango a mphepo. "Ababa, vomerani ndigulitse pompano, tipulumutseko. Ya kalipentala yapita kale, tikachedwa ya malata ipitanso."

Ndinayang'ana a J., iwo akuyang'ana dzuwa. Ndikulumbira, ndinafuna kuligwira ndi manja kuti liime. Linalowa tikuliona.

"Mwanawe, dzuwa lalowa kuno. Za malonda tasiya."

Ndinangomva magalimoto a ku Joni m'fonimo. Ndinati basi, zabwereranso zija, Sabata lomwe lija, anthu omwe aja. Ndinakwiya nawo, ndinawamvera chisoni, zonse pamodzi.

Kenako Tabita, kamawu kakang'ono ngati ali sitandade wani: "Ndakutayirani denga, ababa. Ndidule?"

A J. anagwira foni ndi manja awiri.

"Usadule. Denga ndachedwetsa ndine, si iwe. Kudakali udzu ku Thekerani." Kenako anafunsa, "Wadya?"

Wadya! Zaka zonsezi, funso lake n'kukhala limeneli. Tabita anaseka akulira, ati sanadye, ali ndi chifuwa sabata yachiwiri. Iwo n'kuyamba kumukalipira za jekete, za mandimu, kuti chipinda chakecho chili ndi windo kodi. Atatha anaika foni pa kampando ka Tabita ka paubwana, kamene ndimaikapo beseni, n'kuyambitsa nyimbo. Vesi yoyamba tinaimba awiri. Yachiwiri ndinamva mawu ake a alito akuchokera pa kampandopo, osasa ndi chifuwa. Ine ndinangogwira buku.

Za masheya sindikudziwa, tiona mawa. Mwina malata a chipinda chimodzi, mwina udzu. Ndikanama ndikati sizikundiwawa. Ndayamba kale kufunsa za mapepala apulasitiki oyala pansi pa udzu.

Koma lero m'mawa, ndikutsuka makapu, foni yalira. Lamulungu, msika wotseka, palibe cha machipi choti n'kunena.

"Mosheliwa, amayi, mwadzuka bwanji? Ababa alipo?"

Ndisanayankhe n'komwe, ndinamva kapu ikugubuduka pakhonde, ndi mapazi osavala nsapato akubwera.